Munthu Akavulala Kwambiri M'mutu, Maola Oyamba Ndiwo Amagamula

Ngozi ya njinga yamoto sichedwa kusonkhanitsa anthu. Phokoso likangomveka, amalonda amasiya mabenchi awo, akabaza amaimika njinga, ndipo posakhalitsa pamakhala chikhamu chozinga munthu amene wagona pansi osayankhula. Wina amathamangira madzi oti amuthire kumaso. Wina amamudzutsa kuti akhale tsonga. Ena amakangana za amene walakwa, pamene ena atulutsa kale mafoni kuti ajambule. Ambiri mwa anthuwa amakhala ndi mtima wofuna kuthandiza. Komabe zimene zimachitika m'mphindi zimenezo, ndi m'maola ochepa otsatira, ndizo kawirikawiri zimagamula ngati wovulalayo adzabwerera kumudzi akuyenda yekha, ali pa chikuku, kapena ali m'bokosi.

Ubongo umavulala m'njira zambiri. Wina amagwa mu mtengo wa mango, wina amatsetsereka padenga pofolera nyumba, wina khoma limamugwera nthawi ya mvula, wina amamenyedwa ndi chibonga pa ndewu ya pamowa. Koma ngozi za pamsewu ndizo zimatsogola. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndicho chimataya miyoyo yambiri kuposa zigawo zonse. Pakati pa okwera njinga zamoto, chimene chimapha kwambiri ndi kuvulala m'mutu.

Ubongo umavulala kawiri

Madokotala amasiyanitsa kuvulala kuwiri. Koyamba ndi kumene kumachitika pa nthawi yeniyeniyo mutu ukagunda phula kapena mwala. Ubongo ndi wofewa kwambiri, choncho umagwedezeka m'chigaza n'kudzigunda ku mafupa, ndipo timitsempha tina timaduka. Kuvulala kumeneku palibe dokotala amene angakubweze, ngakhale wa kuchipatala chapamwamba chotani. Chachitika chachitika.

Kuvulala kwachiwiri kumayamba pambuyo pake, mwakachetechete, ndipo kumeneku n'kumene kungapewedwe. Kuti zimveke bwino, ndi bwino kuganizira za mwendo umene wabinya. Mwendo ukatupa, khungu limatanuka n'kupereka malo. Chigaza cha munthu wamkulu sichitanuka ayi. M'kati mwake muli zinthu zitatu, ubongo, magazi ndi madzi amene amazungulira ubongowo, ndipo zitatuzi zimadzaza malo onse. Ubongo ukayamba kutupa, kapena magazi akamatayikira m'kati n'kuundana, palibe kothawira. Ubongo umapanikizika, mitsempha imene imaudyetsa imafinyika, ndipo magazi abwino amalephera kulowa. Ubongo wosowa magazi umatupiratupira. Zikapitirira, mbali ya pansi ya ubongo imene imayendetsa kupuma imakanikizidwa, ndipo munthu amasiya kupuma.

Pali zinthu ziwiri zimene zimafulumizitsa tsoka limeneli: kuchepa kwa mpweya ndi kutsika kwa BP. Ubongo umalemera magawo awiri okha pa magawo 100 a kulemera kwa thupi, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya wa okosijeni umene thupi lonse limafuna. Ukasowa mpweya kwa mphindi zowerengeka chabe, umayamba kufa. Munthu wokomoka amene wagonekedwa chagada, lilime lake limagwera kukhosi n'kutseka njira ya mpweya, ndipo masanzi kapena magazi zimatha kulowa m'mapapo. Kumbali ya BP, kafukufuku amene anafalitsidwa ku America mu 1993 anapeza kuti mwa anthu ovulala kwambiri m'mutu, BP ikatsika pansi pa 90 ngakhale kamodzi kokha, imfa zimawirikiza kawiri. Ndiye kuti chilonda cha pantchafu chimene chikutaya magazi ambiri chikuphanso ubongo, ngakhale kuti chili kutali ndi mutu.

Nambala imene achipatala amalemba

Achibale ambiri amaona anamwino akuitana wodwala mokweza, kumutsina pachala, kumuunika m'maso ndi tochi, kenako n'kulemba nambala pa pepala. Kumeneku si kuzunza wodwala. Mu 1974, madokotala awiri a mumzinda wa Glasgow ku Scotland, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anakonza muyeso wodziwira kuzama kwa chikomokere, umene lero umatchedwa Glasgow Coma Scale ndipo ukugwira ntchito padziko lonse. Amayang'ana zinthu zitatu. Kutsegula maso kumapatsidwa mapointi kuyambira 1 mpaka 4, kuyankhula 1 mpaka 5, ndipo kusuntha ziwalo 1 mpaka 6. Akaphatikiza, munthu wabwinobwino amapeza 15, pamene amene sakuyankha mwa njira iliyonse amapeza 3.

Wopeza 13 mpaka 15 amati wavulala pang'ono, wopeza 9 mpaka 12 wavulala pakatikati, ndipo wopeza 8 kapena kucheperapo ndiye wavulala kwambiri. Munthu wotereyu sangathe kuteteza njira yake ya mpweya payekha. Chofunika kuposa nambala imodzi ndi kumene nambalayo ikulowera. Wodwala amene anafika ali pa 12 n'kutsika kufika pa 9 patapita ola limodzi ali pachiopsezo chachikulu, chifukwa kutsikako kukusonyeza kuti china chake chikukula m'mutu. N'chifukwa chake amene waperekeza wovulala kuchipatala ayenera kufotokoza bwino lomwe: ngozi inachitika nthawi yanji, munthuyo anakomoka pomwepo kapena ayi, anayankhulapo kapena ayi, anasanza kangati, anakomoka ngati wa khunyu kapena ayi. Mawu ochepa amenewa amathandiza dokotala kuposa mmene ambiri amaganizira.

Amene wadzuka n'kunena kuti ali bwino

Pali mtundu wina wa kuvulala umene umanyenga ngakhale anthu ozindikira. Pa litsipa, m'mbali mwa mutu pakati pa diso ndi khutu, fupa la chigaza ndi lopyapyala, ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wa magazi. Fupalo likang'aluka limatha kudula mtsemphawo. Munthu amakomoka pang'ono, kenako amadzuka, kudzisansa fumbi, n'kuyamba kufunsa za njinga yake. Aliyense amati wapulumuka. Koma m'kati magazi akutayikira pakati pa chigaza ndi chikopa chimene chimakuta ubongo. Pakapita ola limodzi, awiri kapena angapo, mutu umayamba kupweteka koopsa, amasanza, amayamba kusinza, ndipo akagona sadzukanso.

Izi zinachitikira Natasha Richardson, katswiri wa mafilimu wa ku Britain, mu Malichi 2009. Iye anagwa pophunzira masewera otsetsereka pa chipale chofewa ku Mont Tremblant m'dziko la Canada. Anadzuka akuyankhula bwinobwino ndipo anakana chithandizo choyamba. Patapita maola ochepa mutu unayamba kumupweteka, ndipo masiku awiri pambuyo pake anamwalira ali ndi zaka 45. Sanali wosauka, ndipo sanali m'dziko losowa madokotala. Chimene chinatayika ndi nthawi. Chomvetsa chisoni n'chakuti magazi oundana a mtundu umenewu, akachotsedwa msanga pa opaleshoni, munthu nthawi zambiri amachira n'kubwerera ku ntchito zake, popeza ubongo weniweniwo umakhala usanawonongeke kwambiri.

Choncho aliyense amene wakomoka atamenyetsa mutu, ngakhale kwa mphindi imodzi, ayenera kukaonedwa kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati achipatala amulola kubwerera kunyumba, pakhale munthu wamkulu womuyang'anira usana ndi usiku woyambawo. Abwerere naye mwamsanga akaona mutu ukupweteka mowonjezereka, kusanza mobwerezabwereza, tulo tosadzutsika, kuyankhula zosamveka, kufooka kwa mkono kapena mwendo wa mbali imodzi, kugwa ngati khunyu, kapena kamwana ka m'diso limodzi katakula kuposa ka diso linzake. Madzi oyera kapena magazi otuluka m'khutu kapena m'mphuno, komanso kuda kozungulira maso onse awiri kapena kuseri kwa khutu, zimasonyeza kuti fupa la pansi pa chigaza lathyoka. Pa mankhwala a mutu, Panado alibe vuto, koma asipilini ndi bufeni apewedwe chifukwa amachititsa kuti magazi asaundane msanga pamene pakuchucha.

Mowa nawo umasocheretsa anthu. Munthu akagwa ali ndi fungo la kachasu, anzake amamunyamula kukamugoneka m'nyumba kuti mowa umuthere, ndipo m'mawa amamupeza atauma. Woledzera amene wavulala m'mutu atengedwe ngati wovulala, osati ngati woledzera. Okalamba nawonso ali ndi vuto lawolawo. Agogo akhoza kugwa pang'ono pakhonde, aliyense n'kuiwala, koma patapita masabata angapo amayamba kusokonezeka maganizo, kuyenda modzandira, kapena kufooka mbali imodzi. M'midzi yambiri zimenezi amazitcha ukalamba, ena amati alodzedwa, ndipo ena amafika pomanenera agogowo kuti ndi mfiti. Nthawi zina amakhala magazi amene akhala akudontha pang'onopang'ono pamwamba pa ubongo, ndipo dokotala akaboola kabowo kakang'ono pachigaza n'kuwatulutsa, agogo aja amabwereramo.

Pamalo a ngozi

Amene wafika poyamba pa ngozi alibe mankhwala kapena makina, koma ali ndi mphamvu pa zinthu ziwiri zatchulidwa zija, mpweya ndi magazi. Ayambe waona ngati wovulalayo akupuma. Ngati wakomoka koma akupuma, makamaka ngati akusanza kapena m'kamwa muli magazi, amutembenuze kuti agone cham'mbali. Kutembenuzako kuchitike ndi anthu atatu kapena anayi, mmodzi atagwira mutu ndi manja awiri kuti mutu, khosi ndi msana zitembenuke pamodzi ngati chipika. Kusamala kumeneku n'kofunika chifukwa ngozi imene yavulaza mutu imatha kuthyolanso fupa la khosi, ndipo kumukoka miyendo kapena kumukhazika tsonga kungamupuwalitse moyo wake wonse. Ngati wavala helemeti, isavulidwe mwachisawawa pokhapokha ngati ikumulepheretsa kupuma.

Pamene pakutuluka magazi ambiri, pa mkono kapena pa mwendo, pakanikizidwe mwamphamvu ndi nsalu yoyera osasiya. Chilonda cha pamutu chiphimbidwe, koma ngati fupa likuoneka kuti lalowa m'kati, pasakanikizidwe. Chinthu chimene chalasa n'kutsalira m'mutu chisazulidwe, ndipo khutu lotuluka madzi lisatsekedwe ndi thonje. Wokomoka sapatsidwa madzi akumwa, sobo, phala kapena mankhwala azitsamba, chifukwa sangathe kumeza ndipo zonsezo zimathera m'mapapo. Kumuthira madzi ozizira sikumudzutsa. M'malo mwake amufunditse chitenje kapena bulangeti.

Ponyamula, agonekedwe pa chitseko kapena pa thabwa lalikulu, wina atagwirabe mutu. Kumukweza pa njinga yamoto atapanidwa pakati pa anthu awiri, mutu ukulendewera, ndi chinthu choyenera kupewedwa kulikonse kumene galimoto kapena ngolo ingapezeke. Apolisi ayenera kudziwitsidwa za ngoziyo, koma ntchito imeneyo agwire munthu wina pamene ena ali kale pa ulendo wa kuchipatala. Mkangano wa amene alipire njinga yowonongeka ukhoza kudikira mpaka mawa.

Zimene zimachitika kuchipatala

Pa chipatala chaching'ono cha m'dera ndi pa chipatala cha boma, ntchito yoyamba ndi yomweyo ya mpweya ndi magazi: kutsegula njira ya mpweya, kupereka okosijeni, kuika dripi, kuletsa magazi otayika, ndi kuwonjezera magazi ngati atha. Achibale ena amadandaula poona kuti achipatala akutanganidwa ndi chifuwa ndi mimba pamene vuto lili m'mutu, koma imeneyo ndiyo njira yoyamba yopulumutsira ubongo. Wodwala akakhazikika amatumizidwa kuchipatala chachikulu kumene kuli makina a CT scan, amene amajambula m'kati mwa mutu n'kuonetsa pamene pali magazi oundana. X-ray wamba amaonetsa mafupa okha, saonetsa ubongo. Madokotala a opaleshoni ya ubongo m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo amapezeka makamaka ku Queen Elizabeth Central Hospital mumzinda wa Blantyre ndi ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha LION choona za mafupa ndi ubongo. Mtunda wa kumeneko ndi wautali kwa anthu a m'maboma ambiri, ndipo ola lililonse lotayika kumudzi limawonjezera pa mtundawo.

Achibale akauzidwa kuti wodwala akutumizidwa kutali kapena kuti afunika opaleshoni ya m'mutu, kawirikawiri amapempha kuti adikire mwinimbumba kapena malume afike kuchokera kumudzi. Ulemu umenewu ndi wabwino pa nkhani zambiri, koma pa nkhani iyi foni igwire ntchito. Mu 1981, madokotala a ku Richmond m'chigawo cha Virginia ku America anafalitsa zimene anapeza pa odwala 82 okomoka amene anali ndi magazi oundana pamwamba pa ubongo. Mwa amene anachitidwa opaleshoni pasanathe maola anayi chivulalireni, 30 pa 100 alionse anamwalira. Mwa amene anachitidwa maola anayi atadutsa, anamwalira 90 pa 100 alionse.

Si onse ovulala kwambiri amene amafuna opaleshoni. Ambiri amathandizidwa pochepetsa kutupa kwa ubongo ndi kuuteteza kufikira utachira wokha. Bedi limakwezedwa kumutu ndi madigiri 30 kuti magazi azitsika bwino kuchoka m'mutu. Amene sakupuma mokwanira amaikidwa pa makina opumira m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Mankhwala a mannitol, kapena madzi a mchere wambiri a m'dripi, amakoka madzi mu ubongo wotupa. Mankhwala oletsa khunyu monga phenytoin amaperekedwa sabata yoyamba. Kutentha thupi kumatsitsidwa chifukwa ubongo wotentha umafuna mpweya wochuluka.

Nzeru za chipatala zimasinthanso pakapezeka umboni. Kwa zaka zambiri madokotala padziko lonse ankapereka mankhwala a mtundu wa steroid kwa ovulala m'mutu poganiza kuti amachepetsa kutupa. Kafukufuku wamkulu wotchedwa CRASH, amene anakhudza odwala opitirira 10,000 m'mayiko ambiri, anaonetsa mu 2004 kuti mankhwalawo ankawonjezera imfa: pa masabata awiri oyamba anamwalira pafupifupi 21 pa 100 alionse mwa amene analandira, poyerekeza ndi 18 mwa amene sanalandire. Chizolowezicho chinasiyidwa. Mu 2019, kafukufuku wina wotchedwa CRASH-3 anapeza kuti mankhwala otchipa oletsa kutaya magazi a tranexamic acid, akaperekedwa pasanathe maola atatu, amachepetsa imfa mwa ovulala pang'ono ndi pakatikati amene akuchucha magazi m'mutu, koma sanaonetse phindu loonekeratu mwa ovulala kwambiri. Apanso phindu limakula mankhwalawo akaperekedwa msanga.

Kutupa kukakana mankhwala onse, madokotala amatha kuchotsa chigamba chachikulu cha chigaza kuti ubongo upeze malo, n'kudzachibwezera patapita miyezi. Kafukufuku wa RESCUEicp, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anapeza kuti opaleshoni imeneyi inatsitsa imfa pa miyezi isanu ndi umodzi kuchoka pa 49 kufika pa 27 pa 100 alionse. Koma ena mwa amene anapulumukawo anatsala olumala kwambiri, ndipo ena sanazindikirenso kanthu. Banja limene lafunsidwa kuvomereza opaleshoni yotereyi lili ndi ufulu wofunsa dokotala mosabisa za mbali zonse ziwiri.

Pali kafukufuku winanso amene ali ndi tanthauzo lapadera kwa mayiko osowa zipangizo. M'mayiko olemera, odwala amaikidwa kachipangizo m'chigaza koyeza kupanikizika kwa ubongo. Mu 2012 zinatuluka zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'zipatala za ku Bolivia ndi Ecuador pa odwala 324. Theka linathandizidwa potsatira kachipangizoko, theka linalo potsatira zithunzi za CT scan ndi kuyeza wodwala pafupipafupi. Pamapeto pake panalibe kusiyana kwakukulu pa kupulumuka ndi kuchira kwawo. Namwino amene amayang'ana maso a wodwala ola lililonse, n'kuitana dokotala nambala ija ikangotsika, akugwira ntchito yaikulu zedi.

Angati amapulumuka, ndipo amakhala otani?

Kuvulala kwambiri m'mutu ndi matenda akupha, ndipo kubisa zimenezi sikuthandiza. Ngakhale m'zipatala zokhala ndi chilichonse, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ovulala motere amamwalira. Ofufuza ataunikanso odwala a mu kafukufuku wa CRASH uja, anapeza kuti ovulala kwambiri a m'mayiko osauka ndi apakatikati anali pachiopsezo cha imfa chowirikiza kawiri poyerekeza ndi a m'mayiko olemera. Zimene zimalosera bwino tsogolo la wodwala ndi zaka zake, popeza achinyamata amachira kuposa okalamba, nambala ya Glasgow imene anafika nayo, ngati timwana ta m'maso tikuchepa akaunikidwa ndi tochi, zimene CT scan yaonetsa, komanso ngati anasowapo mpweya kapena BP yake inatsikapo panjira. Pa zinthu zonsezi, chomalizachi ndicho chili m'manja mwa anthu a kumudzi.

Komanso banja lisafulumire kutaya mtima. Kafukufuku wa TRACK-TBI wa ku America, amene anafalitsidwa mu 2021, anatsatira ovulala kwambiri kwa chaka chathunthu. Pa masabata awiri oyamba, pafupifupi 12 okha pa 100 alionse ndiwo anali atafika poti angathe kukhala panyumba kwa maola angapo popanda wowayang'anira. Chaka chitatha, chiwerengerocho chinali chitapitirira pang'ono theka. Ziwerengerozi ndi za dziko lokhala ndi zipatala zamphamvu, koma zikuphunzitsa chinthu chimodzi chokhudza ubongo wa munthu kulikonse: mmene wodwala akuonekera sabata yachiwiri si mmene adzakhalire chaka chamawa. Kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndipo kumapitirira pang'onopang'ono kwa chaka chimodzi, ziwiri kapena kuposerapo. Kutulutsa wodwala m'chipatala mwamseri kuti akafere kumudzi, kapena kuti akamuonere kwina, kwadula miyoyo imene ikanapitirira.

M'zipatala za m'dziko muno, gadiyani ndi mbali ya chithandizo. Ambiri amene apulumuka sabata yoyamba amadzafa ndi zinthu zopeweka: chibayo chobwera chifukwa cha chakudya cholowa m'mapapo, zilonda za pamsana ndi pamatako zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi, ndi matenda a m'chikhodzodzo. Wodwala atembenuzidwe maola awiri alionse, usiku womwe. Zofunda zikhale zouma. Ngati akudyetsedwa kudzera m'paipi ya m'mphuno, gadiyani asamupatse chakudya pakamwa mobisa chifukwa chomumvera chisoni. Manja ndi miyendo ziziwongoledwa tsiku lililonse monga mmene a mafizo aphunzitsira, kuti zisaume zitapindika.

Akabwerera kumudzi

Chilonda cha pamutu chimapola, tsitsi limamera, ndipo anthu amati wachira. Koma a m'nyumba amaona zina. Bambo amene anali wofatsa amapsa mtima pa kanthu kakang'ono. Mayi amene ankayendetsa geni amaiwala kuti wabweza kale chenji. Mnyamata amalankhula zochititsa manyazi pamaso pa apongozi, kapena amangokhala duu tsiku lonse osayamba ntchito iliyonse. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imalamulira khalidwe ndi kukonza zochita, ndiyo imavulala kawirikawiri pa ngozi. Kumeneku si mwano, si ulesi, ndipo si mizimu. Munthu wotere amafuna malo a phee, ndondomeko yofanana ya tsiku ndi tsiku, malangizo amodziamodzi, ndi tulo tokwanira. Mowa umamubwezera m'mbuyo. Ena amayamba kugwa khunyu patapita miyezi kapena zaka, ndipo khunyu limeneli lili ndi mankhwala kuchipatala. Mpaka achipatala atavomereza, asayendetse njinga, asakwere padenga, ndipo asasiyidwe yekha pamoto kapena pamtsinje.

Chithandizo cha mafizo chimapezeka m'zipatala zazikulu, ndipo ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre imene imaphunzitsa ovulala kuyendanso ndi kudzisamalira. Masiku obwerera kuchipatala amene alembedwa m'buku la wodwala asaphonyedwe, ngakhale akuoneka bwino. Mwana wasukulu amene anavulala afunika kuti aphunzitsi ake adziwitsidwe, chifukwa kutsika kwa malikisi pambuyo pa ngozi kumalangidwa nthawi zina ngati kusamvera. Amene akusamalira wodwala, amene kawirikawiri amakhala mkazi wake kapena mayi ake, amatopa ndipo ntchito za kumunda zimaima. Mipingo, mizikiti ndi magulu a banki m'khonde angathe kugawana masiku omupumuza.

Zimene makomiti a m'wodi angachite

Komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ya m'dera singagule makina a CT scan, koma ingathe kuchepetsa maola amene amatayika wovulala asananyamuke. Pa msonkhano umodzi wokha, mudzi ungathe kugwirizana kuti ngozi ikachitika usiku ndi galimoto ya yani imene idzaitanidwa, mafuta adzachokera m'thumba liti, ndipo nambala za foni za chipatala chapafupi zikusungidwa ndi ndani. Makhansala ndi mafumu angathe kupempha a zaumoyo kuti adzaphunzitse akabaza pa siteji zawo kagonekedwe ndi kanyamulidwe ka wovulala, pakuti iwowa ndiwo amafika poyamba pa ngozi zambiri. Malo amene ngozi zimachitika mobwerezabwereza, monga pa milatho yopapatiza, pa maenje a mumsewu ndi pa misika yoyandikana ndi msewu, akhoza kulembedwa n'kuperekedwa ku khonsolo pokonza mapulani a chitukuko.

Malamulo a pamsewu amafuna kuti woyendetsa njinga yamoto ndi wokwezedwa onse avale helemeti. Akatswiri a bungwe la Cochrane ataphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana anapeza kuti helemeti imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi magawo pafupifupi 42 pa 100, ndi cha kuvulala m'mutu ndi magawo pafupifupi 69 pa 100. Phindu limeneli ndi la helemeti yeniyeni ya njinga yamoto, yokwana bwino mutu, ndiponso yomangidwa lamba wake pansi pa chibwano. Chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba sichinapangidwire msewu. Helemeti yosamanga imauluka munthu asanafike pansi, ndipo imene inagundapo kale mwamphamvu iyenera kusinthidwa ngakhale kunja ikuoneka yabwino, chifukwa chofewa cha m'kati mwake chimaphwanyika kamodzi kokha. Wokwera amene wapatsidwa njinga yopanda helemeti yachiwiri ali ndi ufulu wodikira ina.